Masiku Atatu Foni Ili M'sutikesi

— Halo? Chemwali?

— Halo, achimwene! Ndangoyatsa foni pompano, oyamba ndinu. Mwadzuka bwanji?

— Tadzuka. Kaya iweyo?

— Ndadzuka bwino. Alamu ali bwanji? Ana?

— Alipo. Uli kusaluni?

— Ayi, ndili kunyumba. Saluni ndinatseka Lolemba.

— Tinatumako munthu, anakapeza loko. Kumene unasamukirako palibe akukudziwa.

— Pepani. Ndinali pa kusala kudya, masiku atatu. Foni ndinathimitsa n'kuiponya m'sutikesi.

— M'sutikesi.

— Nanga ndikanatani? Ndikangogwada, kasitomala: "Mesh yanga yamasuka." Ndikatsegula Baibulo, wina ali pakhomo ndi draya. Amayi amaimba m'mawa uliwonse kuti tipemphere mphindi ziwiri zokha, ine chipeso chili kukamwa, "Ndikuimbirani, ndili bize." Mwezi wathunthu, achimwene. Zinandichititsa manyazi.

— Chemwali, tamvera...

— Ndiye ndinati basi, Mulungu ndimupatse masiku ake athunthu. Madzi okha. Ndipo ndimasalira amayi omwewo, BP yawo ija. Dzulo mtima wanga unachita kuti myaa, ndinadziwa kuti yankho labwera.

— Uli ndi ndani pamenepo?

— Ndekha. Bwanji? Halo? Mukuduka.

— Ndati khala pansi. Mayunitsi anga ndi ochepa.

— Mukundiopsa. Ndikumva anthu kumbuyoko. Akuimba nyimbo?

— Ndi azimayi a kutchalitchi. Akutsanzika.

— Akutsanzika kuti?

— Amayi anagwa Lolemba masana, akuyanika zovala. Tinathamangira nawo kuchipatala. Lachiwiri m'mawa anatsitsimuka, n'kupempha foni yawo.

— Achimwene, ayi.

— Anakuimbira okha. Kasanu. Foniyo ndimawagwirira ine. Amati nthawi ya pemphero lanu yakwana.

— Apatseni foni. Chonde, apatseni ndiyankhule nawo.

— Anatisiya Lachiwiri lomwelo, isanakwane teni.

— Koma ine Lachiwiri ndinali chogwada! Dzina lawo lili pakamwa panga tsiku lonse!

— Ndikudziwa.

— Ndikukwera basi pompano. Mundidikire, musachite kanthu.

— Tinakudikira mpaka dzulo. Kumotchale firiji inali yowonongeka, sitikanatha kuwasunga. Taika dzulo masana.

— Dzulo masana... nthawi imene mtima wanga unakhala pansi ija?

— Zimenezo ine sindikudziwa, chemwali. Sindikukuimba mlandu. Ndakwiya, sindinama, koma sindikudziwa kuti ndakwiyira ndani.

— Anasiya mawu? Anati chiyani za ine?

— Ubwere kaye, tidzakamba.

— Ndiuzeni pano. Anakhumudwa?

— Ayi. Nditafuna kuyesa kachisanu ndi chimodzi, anandigwira mkono.

— N'kunena kuti chiyani?

— Anati, "Musiye mwana wanga, amakhala bize. Aimba akapeza mpata."

— Achimwene... ndaupeza mpatawo. Halo? Achimwene? Halo?