Chibokosi Chopondapo Mapazi

Bwana mkulu, akuluakulu a nthambi zonse, mayi a kunyumba kwa a Mawaya ndi ana, anzanga nonse, moni. Pepani, mawu amene ndinakonza andithawa.

Achimwene a Mawaya, inu! Zaka zonsezi osatiuza?

Alendo, ndikufotokozereni. Bambo awa, amene tikutsanzikana nawo lero pamene akupuma pa ntchito, atangoyamba kumene, ankayenda desiki ndi desiki kulembera kompyuta iliyonse adiresi yake ya pa netiweki pamanja. Tsiku lina anapatsa kompyuta ya bwana ndi ya pa risepishoni adiresi imodzi. Ina ikalowa pa netiweki, inzake inkatuluka. Bwana kukalipa, iwo n'kumati vuto ndi nyengo!

Manyazi amenewo ndiwo anawachititsa kukonza makina ogawa okha maadiresi. Ukayatsa kompyuta imapempha adiresi, makinawo amaibwereka, nthawi ikatha imapemphanso. Ife timangoti zimayenda zokha. Kuti makinawo amakhala pati, palibe anafunsapo. Ngakhale ine amene ndikutenga mpando wawo Lolemba.

Tsono pansi pa desiki yawo panali chibokosi chakale, chafumbi. Nonse mukuchidziwa. Amavula nsapato n'kupondapo, ati chimafunditsa mapazi. A komiti ya mphatso anati tiwapatse, azikapondapo kunyumba. M'mawa uno anachizula n'kuchikulunga bwinobwino. Ndi icho patebulopo, cha riboni yofiirayo.

Masana, pulinta zii. Kenako a ku akaunti ayamba kukuwa. Kenako bwana. Makompyuta akupempha adiresi, wowayankha palibe! Ndazungulira ofesi yonse thukuta lili kamukamu, kulondola chingwe ndi chingwe, mpaka ndapeza china chili lendelende pansi pa desiki ija. Mayo ine! Kani makina ogawa maadiresi aja ndi chibokosi chomwechi! Kampani yonseyi imayendera chopondapo mapazi?

Taonani akuseka! Mayi, kunyumbanso amabisa zinthu chonchi?

Koma achimwene, kunena zoona, sitinkakuyamikani chifukwa palibe chinkavuta. Lero tsiku limodzi lokha tasowa pogwira. Zikomo kwambiri chifukwa cha zaka zonsezi. Ine mtima ukundiwawa kuti mukupita, komanso mantha ndili nawo.

Kapumeni bwino, muzidzuka dzuwa litakwera. Pempho ndi limodzi basi. Masulani mphatsoyo tonse tikuona, muthokoze, kenako mutibwezere tikailumikize, apo ayi Lolemba ine ndilibe ntchito. Mapaziwo tiwagulira masokosi.

Anzanga, imirirani tiwaombere m'manja!