Makapu atatu a bambo anga

Kalekale, ine ndikuvala kabudula wa zigamba ku Ntchisi, nonsenu musanabadwe, bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo tsiku lawo lolalikira likafika sankanyamula Baibulo lokha ayi, ankanyamulanso makapu atatu achitsulo. Limbani, leka kuuzira dzanja lako lopsalo, khala pansi, nkhaniyi ikukukhudza. Basi ya ku ntchito ibwera faifi koloko, nthawi ilipo.

M'mawa uja, poti kudziko lachipululu lino timapemphera Lachisanu, ku tchalitchi ku Abu Hamour abusa awerenga kalata yopita ku mpingo wa ku Laodikaya, anthu aja anadzudzulidwa kuti sanali otentha kapena ozizira koma ofunda chabe, oyenera kulavulidwa, ndipo ndakuonani mukuwodzera ngati nkhuku zachitopa. Pa guwa paja pakanakhala bambo anga palibe akanaphethira. Sukulu analekeza sitandade folo, ine ndinawaposa ndi makalasi awiri okha, koma mbiri ya mzindawo anaimva kwa mphunzitsi wina wa Baibulo ndipo inawakhala m'mutu ngati nyimbo.

Ankati Laodikaya unali mzinda wa anthu olemera, kudziko limene lero timati Turkey, otchuka ndi ubweya wakuda wa nkhosa ndiponso mankhwala a maso, ndipo chivomezi chitaugwetsa anakana thandizo la mfumu ya Aroma nkuumanga okha. Kunyada kumeneko mukukudziwa, mumakutsegulira mageti tsiku lililonse. Koma madzi abwino analibe. Ku Hierapoli, mzinda woyandikana nawo, kunali akasupe otentha ngati aja a ku Nkhotakota, kumene odwala nyamakazi ankakasamba. Ku Kolose kunali madzi ozizira a m'phiri. Koma a ku Laodikaya ankayenda m'mipope yamiyala kuchokera kutali, ndipo pofika anali ofunda, ochititsa nseru.

Apa mpamene bambo ankaitana tcheyamani wa kwaya kuti adzalawe madzi a m'makapu atatu aja. Kapu yoyamba ankangoigwira nkuti yatentha, yachiwiri ankamwa mpaka kudontheza, koma yachitatu, imene inakhala padzuwa kuyambira m'mawa, ankangoti kamodzi pfuu, kulavulira pa nsapato zake, tchalitchi chonse kugwa ndi phwete. Bambo nkuti, "Otentha amachiza, ozizira amapha ludzu, koma awa ayenda mtunda wautali, aiwala kumene achokera."

Ukuti chiyani Tembo? Kuti ku Chipata kwanu tcheyamaniyo akanameza kuti asachite manyazi? Ndiye chifukwa chake mimba zanu sizikhazikika.

Tsono kuno ku Bin Omran zinthu nzotembenuka, ndipo Limbani waziona lero. Safunsa anadya phula. Wafika sabata yatha, watsegula mpopi wa madzi ozizira osadziwa kuti thanki ili padenga, dzuwa la Juni laiphika. Ife akale timazimitsa giza, makina otenthetsera madzi aja, ndipo madzi oziziritsa thupi timawapeza ku mpopi wofiira, wa madzi otentha. Kukuwa kwake ndinayesa walumidwa ndi chinkhanira. "Ankolo, apa akuti ozizira, koma akuwotcha!" Tinaseka tonse, koma ine mawuwo andilasa.

Paja mukudziwa kuti bambo anatisiya mu Febuluwale. Anadwala miyezi itatu. Anthu aja anawalalikira zaka zonsezo ankangoti tibwera mawa, tibwera mawa, ndipo mng'ono wanga Fanuel, amene amakhala kutsidya kwa dambo chabe, anakawaona kawiri. Kawiri! Maliro ndinaonera pafoni, ndili m'galimoto ku Bin Mahmoud kudikira bwana, ndipo amene ankalira kwambiri mpaka kugwiriziridwa anali Fanuel yemweyo, kwaya itavala yunifomu yosita. Ndinati Alaodikaya enieni ndi awa. Chichokereni tsikulo foni ya Fanuel sindiyankha, ngakhale amaimba Lachisanu lililonse. Amayi anenetsa kuti chiliza cha bambo sichimangidwa mpaka ana awo awiri atalankhulana, choncho manda ali mbuu, dothi lokha, ndipo mvula ikubwerayi idzawafafaniza.

Ine ndinkayesa mkwiyo wangawu ndi madzi a ku Hierapoli. Koma wachiza ndani? Ndi madzi a padenga awa, amangowotcha amene wabwera kudzasamba, ndipo amene akupsa ndi amayi. Nanga amene wayenda mtunda wautali m'mipope ndani, si ine? Miyezi itatu ija ndinaimba kangati? Ndinkati ntchito yachuluka, ndiimba mawa. Mawa yemweyo wa anthu a kwaya.

Ana inu, makontilakiti amatha, koma madzi saiwala khwawa. Muziimba kwanu kukadali wokuyankhani, ngakhale mawu awiri, ndipo mukakwiyira m'bale wanu muuzeni m'khutu kuti amve kutentha kwake, chifukwa chibale ndi fupa, sichiola.

Mwaimva? Ndi foni ya Fanuel yomweyo ikulira pawindopo, nthawi yake saphonya. Tembo, tandipatsira. Musatuluke, khalani pomwepo, mwina ndingamutukwane.

Fanuel, ndine. Ndikadali wokwiya, usadzinamize. Amayi ali pomwepo? Dikira kaye, usanawapatse undiuze: makapu atatu aja a bambo, mwawasunga?