Tsiku Limene Ndinakana Kuulutsa Amayi Anga

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Aleluya! Kumbuyoko mwagona kodi? Aleluya!

Ine ndine Esinati wa kwa Chinakanaka, uja mumamutchula kuti woyendetsa ndege. Amayi anga ndi awo akhala kutsogoloku. Anandiphunzitsa sukulu ndi manja othyola tiyi. Ndege ikamadutsa pamwamba pa phiri la Mulanje ankasiya dengu n'kumakuwa kuti, "Mwana wanga uyo!" ngakhale ndegeyo ikhale ya eni ake.

Ndinawalonjeza kuti tsiku lina ndidzawaulutsa ndekha. Tsikulo linakwana. Anasoketsa diresi la maluwa. Amayi a Mvano munawaperekeza ndi nyimbo mpaka pa siteji ya Chitakale. Mukukumbuka, musayang'ane pansi.

Abale, ndege iliyonse ili ndi buku lake. Woyendetsa akaona vuto amalemba m'menemo. Likakhala vuto lalikulu, ndegeyo sinyamuka mpaka amakaniko akonze. Ndiye ku kampani kwathu kunali lamulo lonong'ona: nena pakamwa, usalembe. Ukanena, munthu amabwera ndi chisanza, kupukuta, basi ndege yachira.

M'mawa wa tsiku la ulendo wa amayiwo ndinazungulira ndege monga mwa ntchito. Pa mwendo wa matayala akumanzere mafuta a mabuleki anali akudontha. Anzanga anali atanenapo kale pakamwa, chisanza n'kugwira ntchito yake. Ine ndinatenga cholembera.

Bwana anathamanga. "Kapiteni, anthu akwera kale. Mukalemba pobwerako."

Ndinati, "Pobwerako ndikaima ndi chiyani, bwana?"

Anati, "Si amayi anu ali pa windo aja? Muwatsitsa?"

Ndinawaona. Atamanga lamba, chikwama pamiyendo, akundibayibitsa. Mtima unandiwawa, abale, unandiwawa. Koma ndinalemba. Ndinalemba zilembo zikuluzikulu zoti ndi wa maso ofooka yemwe awerenge.

Anthu onse anatsika akunditukwana. Amayi anatsika komalizira. Anangoti, "Esinati, ndikawauza chiyani amayi a Mvano?"

Sabata yomweyo akampani anandiimitsa ntchito. Akuti ndine wamwano, wamantha, mkazi wosadziwa makina. Ndinabwerera kwa Chinakanaka ndi sutikesi. Pamsika munkandipatsa moni wa "a Kapiteni a khasu." Ndinkamva. Amayi ankandiikira chakudya osandiyang'ana. Diresi lija analitsekera m'bokosi. Kutukwanidwa ndi alendo n'kopepuka, abale. Kukhala chete kwa mayi wako kumalemera.

Kenako kampani inaimba foni. Akuti ndibwere, ndinene kuti ndinaona molakwa, ndipepese, ntchito ndiyambiranso. Amalume anabwera ndi njinga kudzandikhazika pansi. "Mwanawe, kupepesa sikuthyola khosi." Amayi anandigwadira. Mayi wondibala kundigwadira ine!

Ndinakwera ku phiri la Chambe kukapemphera. Ndinati, Ambuye, ngati maso anga ananama, ndiuzeni. Sanandiuze. Ndiye ndinatsika n'kuyankha kuti ayi. Sindipepesa! Mafuta anadontha. Ndifunseni mawa, anadontha. Ndifunseni pa tsiku la chiweruzo, anadontha!

Mvula inabwera, inapita, ine ndili kumunda. Koma Mulungu sagona. Kapiteni wina wachikulire, amene tsiku lija anangoyang'ana kumbali, anaona kudontha komwe kuja. Chikumbumtima chinamudya, analemba. Anzake nawonso anayamba kulemba. Muchotsa angati? Akampani anakakamizika kumasula mwendowo, n'kupeza paipi itadyeka, itatsala pang'ono kuphulika.

Mukuganiza kuti anandipepesa? Ayi ndithu. Mpaka lero. Nanenso sindikudikira.

Panopa ndikuyendetsa kandege kakang'ono ka bungwe lina, konyamula mankhwala ndi odwala. Kulibe yunifolomu yonyezimira. Koma kumeneko ndikalemba, makaniko amati zikomo. Ndikuthokoza Yehova amene anandigwira dzanja kuti lisanjenjemere.

Nanga amayi? Ndege sanakwerebe. M'kandege kanga mulibe mpando wa achibale. Ndipo nkhaniyi ikawatsikira amandinenabe kuti ndinawachititsa manyazi. Anene! Anene mpaka atope, ine ndizimva mokondwa.

Amayi, taimirirani akuoneni. Imirirani, musachite manyazi.

Mwaliona diresi la maluwalo, abale? Ndi lomwe lija. Likanatha kukhala la m'bokosi la maliro. Lero alivala okha, ndi manja awo, ayenda nalo ndi miyendo yawo mpaka muno.

Ameni.