Chelo ndi Kaseti ya Malemu

Pa siteji ya Thuchila, bambo wina ankamvera nyimbo pafoni. Mayi amene anakhala naye pabenchi anatchera khutu.

"Bambo, foniyo yajama? Ikungobwereza pamodzimodzi."

"Ayi, ndi mmene anaipekera mwana wanga Angella, ku Joni. Amaimba chelo, chonga kaligo koma chachikulu."

"Nanga mayi akuimba Chilomweyo?"

"Malemu akazi anga. Angella anawajambula pa kaseti kalekale akusenda nandolo. Tsopano amatsegula kasetiyo, iye n'kumaimba chelo motsatira mawu awo."

"Pepani. Mawu okoma bwanji! Koma mwamuna akukalipayo ndani, akuti 'tasiyani phokoso, ndikumvera mpira'?"

"Ndine, mayi. Malo amenewo amabwerezedwa kasanu, ndipo ulendo uliwonse iwo amakhaladi chete."