Futali wa Chaka cha Njala

Amayi awiri osadziwana ankadikira sitima pa siteshoni ya Salima. Mmodzi anavundukula kambale ka futali.

"Tiyeni tidye, mayi."

"Zikomo. Ha, fungo limeneli! Landikumbutsa malemu amayi anga kwa Maganga, pa njala ya fote naini ija."

"Munkadya futali nthawi imeneyo?"

"Wa makaka. Ankanyika chinangwa choumacho, n'kuchiphika pamodzi ndi chigwada ndi kansinjiro ka m'chikhatho, madzi mumphika tho! Ana asanu tinkagona titakhuta."

"Nanga iwowo?"

"Ankati, 'Idyani ananu, ine ndimakonda zopserera za pansizo.'"

"Koma mayi, futali wamadzimadzi choncho amapserera?"

"Sapserera ayi. Ndinadzazindikira nditayamba kuphikira anga."