A Ndikubwera

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga patsamba lino. Ndine Fanuwelo, kwathu ndi kufupi ndi Limbuli. Sukulu ndinalekera Fomu 2 ndipo pakamwa panga sipatuluka zonona, ndiye mundipirire. Umboni wanga ndi wa mwendo wakumanzerewu, umene unatsala pang'ono kudulidwa, ndi wa magazi amene akuyenda m'thupi mwanga lero, omwe si anga onse. Koma kuti mumve bwino, ndiyambire kwa bambo anga.

Bambo ndi mlaliki. Ndili Sitandade 6, mpingo unawatuma ku Mozambique, m'kati kupitirira Milanje, poti amayankhula Chilomwe chenicheni cha makolo awo. Kutchalitchi kunali nyimbo, kuwasanjika manja, kuwatcha mmishonale wathu woyamba. Anthu anaomba m'manja n'kubalalika kukadya kwawo. Ife tinabwerera kunyumba yopanda bambo.

Chiyambire pamenepo ankabwera pakatha miyezi itatu, n'kukhala masiku anayi. Tsiku lonyamuka silinkasintha: kupopa njinga, kumanga mchere, sopo ndi mabuku a nyimbo pakaliyala, kutigwiritsa manja pakhomo, kupemphera. Akatha sankati tsalani bwino ayi. Ankangoti “ndikubwera,” ngati munthu wopita paokala kukagula machesi. Mayi ankawaperekeza mpaka pamsewu. Ine sindinawaperekezepo ngakhale kamodzi. Ndinawapatsa dzina loti a Ndikubwera, ndipo ndinkawatchula choncho mayi akumva.

Ndili Fomu 2, mnyamata wina wa m'kalasi anandinena kuti bambo ako ali ndi banja lina kutsidya. Ndinamugulula dzino. Aphunzitsi aakulu anati ndisapondenso pasukulu popanda kholo. Mayi anali chigonere, ali oyembekezera, ndipo amalume anati mwana wa mlaliki akamuyankhulire mlaliki. Tinaimba foni, bambo anati akubwera. Anafika patatha milungu isanu, ati mitsinje inadzaza, malo anga atapatsa wina. Musandiuze kuti wolakwa ndinali ine, ndikudziwa. Koma kuyambira tsiku limenelo tchalitchi ndinasiya. Mulungu wolanda ana bambo awo n'kukapatsa anthu ena, ine ndinalibe naye chochita.

Ndinayamba kabaza wa njinga yamoto ya munthu wina. Chaka chatha m'chilimwe bambo anabwera monga mwa masiku onse, ndipo ponyamuka anatambasula dzanja kuti tipemphere. Langa ndinalipisa m'thumba. Ndinawauza kuti: “Ana anu ali kutsidya. Kuno mumangobwera kudzachapitsa malaya.” Anapemphera ndi mayi ndi mlongo wanga, anati ndikubwera, n'kukwera njinga.

Patatha masiku anayi, mnzanga wa pasiteji anandilanda kasitomala amene ndinali nditagwirizana naye kale. M'malo mongomutukwana n'kuiwala, ndinamuthamangitsa. Pakona pena panali mchenga. Ndimangokumbuka tayala lakutsogolo likutsetsereka, kenako ndili m'ngalande, ntchafu itang'ambika, fupa likuoneka.

Kuchipatala anati ndataya magazi ambiri, opaleshoni singatheke mpaka andiwonjezere. Gulu la magazi anga ndi losowa. Anandipatsa ochepa amene analipo, n'kunena kuti abale abwere adzayezetse. Magazi a mayi sanagwirizane ndi anga. Amalume anakumbuka mwadzidzidzi kuti kuli maliro ku Thuchila. Anzanga a pasiteji anabwera asanu ndi nthochi, koma atangomva za magazi anayamba kunong'onezana za anamapopa, n'kumatuluka mmodzimmodzi. Mukudziwa anatsanzika bwanji? Aliyense ankati “ndikubwera.”

Tsiku lachiwiri mwendo unatupa n'kuyamba kuda. Ndinamva ndekha dokotala akuuza mayi kuti zikapitirira chonchi, chofunika chidzakhala kupulumutsa moyo, osati mwendo. Munthu wa zaka makumi awiri ndi zitatu, wopanda satifiketi, wodya chifukwa cha miyendo. Ndinayang'ana kukhoma n'kupemphera koyamba pa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo silinali pemphero laulemu. Ndinati ngati mulipodi, bwezani munthu munatengayo, ngakhale kwa tsiku limodzi, adzaone zimene kulalikira kwake kwabala. Mayi anaimbira wa golosale wa kumene bambo amakhala, yekhayo amene ali ndi foni yogwira. Yankho linabwera madzulo. Ndinafunsa kuti ati chiyani, mayi anazengereza, kenako anati ati akubwera. Ndinaseka mpaka bala linandipweteka.

Mawa lake dzuwa lili pamutu, bambo analowa mu wodi ali mbuu ndi fumbi, pambuyo pawo amuna asanu a mumpingo wawo, onse atapalasa njinga kuchokera kumeneko. Bambo anali oyamba kupinda malaya, koma anawakana. Malungo anali atawadya, magazi awo omwe anali operewera. Ndinaona bambo anga akuchonderera namwino ngati mwana, ndipo ndinayang'ana kumbali. Mwa asanu aja, magazi a awiri anagwirizana ndi anga. Atatu enawo anaperekabe, ati akathandize odwala ena. Usiku usanafike ndinali nditalowa kuopaleshoni.

Nditatsitsimuka, pambali panga panakhala mmodzi wa awiri aja, bambo wamfupi wadazi, dzina lake Zuze. Anandifunsa m'Chichewa chake chosakaniza kuti, “Ndiwe Fanuwelo wa dzino uja?” Ati Lamulungu lililonse amandipempherera ponditchula dzina, ndipo ana a kumeneko amadziwa ngakhale chakudya chimene sindidya. Mtima unandinyamuka, ndinati ndiye kuti manyazi anga asanduka ulaliki. Zuze anangoseka. “Psa mtima pang'onopang'ono, irimau, m'bale wanga. Magazi akuwirawo ndi anga.”

Ndi iyeyo amene anandiuza moyo wa bambo. Kulibe banja lina. Amagona m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi cha udzu, amadziphikira okha nyemba za kalongonda, amalima chinangwa ndi nandolo ngati wina aliyense. Masana amaphunzitsa akuluakulu kuwerenga. Njinga ija ndiyo ambulansi ya mudzi wonse, ndipo mkazi wa Zuze ali moyo chifukwa bambo anamukankha panjingapo tsiku lathunthu kupita naye kuchipatala, mitsinje itadzaza. Atatchula nthawi yake, ndinawerenga miyezi m'mutu. Chinali chaka changa cha Fomu 2. Abale, sindinama, sindinasangalale. Ndinaona kuti sukulu yanga ndiyo inagula moyo wa mayi ameneyo, ndipo palibe anandifunsa ngati ndikulola. Koma mwamuna wake anali pompo, thonje lili pamkono.

Bambo anakhala milungu isanu ndi umodzi, koyamba chichokereni. Ankandisambitsa, kunditayira za m'chikho, ine ndikuwakalipira. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chake amatinamiza ndi ndikubwera wawoyo. Anandiyankha kuti: “Bambo anga popita ku Joni anati tsalani bwino. Sanabwerere. Mawu amenewo pakamwa panga satuluka.”

Sindikuuzani kuti zonse zinatha bwino. Ndimatsimphina, njinga yamoto mwini wake anapatsa wina, sukulu sinabwerere. Ndipo inu a mumpingo amene mumatuma amishonale ndi nyimbo, ndikufunseni: chitsanzikireni, ndani wa inu anapondapo pakhomo pathu kudzaona ngati denga likudontha? Mukatuma munthu, dziwani kuti mwatuma nyumba yonse, ngakhale amene sanavomere.

Koma Mulungu ndimuthokoza, chifukwa anayankha pemphero lamwano la munthu wamwano. Anthu amene ndinkawatemberera osawadziwa ndiwo anandipatsa magazi, ndipo mwendo ulipo. Iwe amene watsala pakhomo wina atapita kukatumikira, iwe wodwala amene anzako athawa, usaleke kupemphera, ngakhale pemphero lako likhale lokalipa. Iye sathawa ukali wako.

Tsiku lonyamuka bambo anapopa njinga, anamanga mchere wawo. Dzanja ndinapereka. Ndinatenga ndodo zanga n'kuwaperekeza mpaka pamsewu, mtunda umene mayi amayenda mphindi zisanu ine ndinayenda theka la ola, bambo akukankha njinga pambali panga. Pamsewu anati ndikubwera. Ndinati: “Ndamva. Koma mukachedwa ndikulondolani. Kumeneko ndili ndi abale a magazi tsopano.”

Ambuye akusungeni nonse, opita ndi otsala omwe. Ameni.