Chilonda cha pamlomo

Pamzere wolandirira mankhwala, mayi wachitsikana anafungatira khanda lake koma nkhope atalozetsa kumbali. Mayi wachikulire amene anali pambuyo pake anamusuzumira.

"Mwana wanga, chilonda chili pamlomocho ndi malungo akutuluka. Chisakudandaulitse."

"Si malungo, amayi. Adokotala akuti ndi kachilombo."

"Kachilombo? Mayo ine! Nanga mwanayu?"

"Tsitsani mawu, anthu akutiyang'ana. Si kajaka ayi. Aka n'kena, akuti ambirife tili nako, kamangogona m'mitsempha."

"Nanga bwanji sitikudwala tonse?"

"Akuti kakadzuka, malo amene kalowawo amakuwa ngati munthu woti akuba amuthyolera nyumba. Oyandikana nawo amatseka zitseko, asilikali a m'thupi n'kuthamangirako. N'chifukwa chake kamathera pamlomo pomwepa."

"Basitu. Ndiye ukunjenjemera chiyani?"

"Uyu ali ndi masiku khumi okha. Thupi lake silinadziwe kukuwa mokweza, moti kwa iye kakhoza kufika mpaka ku ubongo. Andiletsa kumupsompsona mpaka chilondachi chiume. Akuti akatentha thupi kapena kukana bere, ndithamange naye."

Wachikulire uja anakhudza chipumi cha khandalo ndi kuseri kwa dzanja.

"Sakutentha uyu. Iwe ungomvera zimene akuuzazo, usamupsompsone. Sabata imodzi si chaka."

"Amayi, zimenezo andiuza lero. Chilondachi chinatuluka Lolemba. Masiku atatu onsewa, akalira, mukuganiza kuti ndimamutonthoza ndi chiyani?"